Musasiyire Panjira Mankhwala a ʻAnianiau

Kwa olemekezeka Bwanamkubwa wa Hawaii, a Josh Green. Akuluakulu a nthambi ya boma yoona za malo ndi zachilengedwe ya DLNR. Akuluakulu a nthambi ya boma la America yoona za nsomba ndi nyama zam'tchire ya U.S. Fish and Wildlife Service. Komanso aphungu oimira Hawaii ku Washington, makamaka a Brian Schatz, mayi Mazie Hirono ndi mayi Jill Tokuda.

Mabwana ndi madona,

Ndine mlendo pachilumba chanu cha Kauaʻi. Kwathu ndi ku Chikwawa, kuchigwa cha Shire m'dziko la Malawi. Ndisanabwere kuno kudzasamalira okalamba, ndinagwira zaka zambiri ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi, kupalasa njinga ndi kabokosi ka mankhwala kumbuyo, kubaya ana chala kuti tione ngati ali ndi malungo. Ndikudziwa kuti mlendo sakweza mawu pabwalo la eni mudzi. Koma akuluakulu kwathu amatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kanga ndi kamodzi kokha: malungo ndimawadziwa. Ndawaona akutenga mwana amene m'mawa ankasewera pa mchenga, pofika madzulo maso atatembenuka. Anatenganso mlongo wanga wamng'ono ali ndi zaka zinayi, tili pa ngolo kuthamangira kuchipatala. Kalatayi ndailemba m'Chichewa chifukwa ndicho chiyankhulo chimene ndinalirira maliro amenewo, ndiponso ndikufuna abale anga amve zimene malungo akuchita kutsidya lino la nyanja. Ana anga adzaimasulira kuti ikufikeni.

Nkhani yanga ndi ya kambalame kamodzi, ka ʻanianiau.

Ndinakaona koyamba m'kanjira ka Pihea, kumtunda kwa Kōkeʻe, tsiku lina la chiperoni. Ndikuti chiperoni chifukwa palibe mawu ena oyenera nyengo ya kumeneko: nkhungu yoti mbuu, kamvula kowaza kosaleka, matope ofiira oterera, ndere zitakuta mitengo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Ndinali nditaima kuti ndipume, ndipo pa nthambi ya mtengo wa ʻōhiʻa, pakati pa maluwa ofiira psuu okhala ngati ndevu za chimanga zoimirira, panatera kanthu kachikasu ngati nthochi yakupsa bwino. Kanalowetsa kamulomo m'duwa, n'kudumphira pa lina, n'kuzondoka, n'kulira kamodzi mawu okwera ngati kakufunsa funso, basi kapita. Mtima unathawira kumudzi, ndinakumbuka choso amene ankatera pa maluwa a nthochi kuseri kwa nyumba ya agogo. Sali pachibale ayi. Makolo a ʻanianiau anali mbalame zodya njere zochokera ku Asia, zimene zinafika pazilumbazi zaka mamiliyoni apitawo, ndipo mwa mbalame zimenezo munatuluka mitundu yoposa 50, wina wa mulomo wopindika ngati chikwakwa, wina wa mulomo woswera nthambi, wina wothyola njere zolimba. Lero yatsala mitundu 17. Mwa yonseyo, wamng'ono kwambiri ndi ʻanianiau: kutalika masentimita 10, kulemera magalamu ngati 10, timasipuni tiwiri ta shuga. Lilime lake ndi lopindika ngati kapaipi, kunsonga kuli timanyenje toyamwira timadzi ta m'maluwa. Kakafuna ndiwo kamatola timbozi ndi akangaude m'masamba. Ndipo pa dziko lonse lapansi kamapezeka pamalo amodzi okha, m'nkhalango za pamwamba pa Kauaʻi. Ku Maui kulibe, ku Oʻahu kulibe. Kakatha pano ndiye kuti katha basi.

Inu mukudziwa kuposa ine chimene chikukapha, koma mundilole ndichinene, chifukwa abale anga amene akuwerenga adabwa. Kale pazilumba za Hawaii panalibe udzudzu ngakhale umodzi. Unafika mu 1826 padoko la Lahaina, uli m'migolo ya madzi ya sitima yapanyanja. Mtundu wake ndi Culex quinquefasciatus, womwe uja umaswana m'zimbudzi ndi m'ngalande za madzi oipa kwathu n'kumatilira m'khutu usiku. Pambuyo pake anthu anabweretsa mbalame za kumaiko ena zili ndi kachilombo m'magazi, kotchedwa Plasmodium relictum, msuweni wa Plasmodium falciparum amene amapha ana athu. Kachilomboka sikagwira munthu. Kamagwira mbalame, kulowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa, chiwindi ndi kapamba n'kutupa, mbalame n'kufooka, kusiya kudya, nthenga nyankhalala, mpaka kugwa pansi. Ndi malungo enieni. Mbalame za kwathu ku Africa zakhala nawo kuyambira kalekale ndipo matupi awo anazolowera. Mbalame za ku Hawaii zinali zisanakumanepo nawo. Ofufuza atayesa pa mbalame yofiira ija ya ʻiʻiwi, anapeza kuti ikalumidwa kamodzi kokha ndi udzudzu wa kachilombo, mwa mbalame khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi zimafa. Kamodzi kokha.

Chimene chinapulumutsa zotsalazi ndi chisanu. Kachilomboka sikakhwima m'thupi mwa udzudzu ngati kutentha sikufika madigiri 13, choncho mbalame za m'zigwa zinatha, za kumapiri n'kutsala. Phiri ndilo linali neti yawo. Ifenso timadziwa zimenezi: wa ku Chikwawa amadwala malungo kawirikawiri kuposa wa pamwamba pa Dedza. Koma tsono dziko likutentha, ndipo netiyo yabooka. Udzudzu wakwera. Vuto la Kauaʻi n'lakuti phiri lake ndi lalifupi. Nsonga ya Kawaikini ili pa mamita 1,598 okha. Abale anga, phiri la Zomba limaposa pamenepa, osanena za Sapitwa wa ku Mulanje amene ali pa 3,002. Mbalame za ku Maui zili ndi Haleakalā woposa mamita 3,000, zikhoza kusunthira kumtunda pang'ono ngati nkhalango ilipo. Za ku Kauaʻi zili kale padenga. Kumwamba kwake kwatsala mitambo.

Mu 2016, a Eben Paxton a ku U.S. Geological Survey, bungwe la kafukufuku la boma la America, ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kalembera wa mbalame wa zaka zambiri ku Alakaʻi, dambo ndi nkhalango ya pamwamba pa Kauaʻi, ndipo anachenjeza poyera kuti mbalame za m'nkhalango ya Kauaʻi zikugwa zonse pamodzi, kuti malire a kutentha adutsidwa, ndi kuti mitundu ingapo itha m'zaka zikubwerazi. ʻAnianiau anali m'gulu la zimene zikuchepa. Chenjezo limenelo linamveka, koma miyendo inachedwa kunyamuka. Onani zimene zinachitikira ʻakikiki, kambalame kotuwa kamene kankayenda m'makungwa a mitengo kusaka tizilombo, mnansi wa ʻanianiau m'nkhalango yomweyo. Kanalembedwa m'kaundula wa zamoyo zotsala pang'ono kutha mu 2010, pamodzi ndi kambalame kena kotchedwa ʻakekeʻe. Mu 2018 timbalame ta ʻakikiki tinalipo pafupifupi 450. Pofika 2023 tinatsala tisanu m'tchire. Zaka zisanu zokha, mabwana. Pafupifupi tonse timene tili moyo lero tili m'zikwere, m'malo osungirako mbalame ku Maui ndi ku chilumba chachikulu cha Hawaiʻi, chifukwa chakuti anyamata ndi atsikana ena olimba mtima anakwera makwerero aatali m'mvula kukatenga mazira m'zisa. Kulembedwa m'kaundula sikunaphe udzudzu ngakhale umodzi.

Mu Okutobala 2023, a U.S. Fish and Wildlife Service munachotsa m'kaundula mitundu 21 ya zamoyo, osati chifukwa yachira, koma chifukwa inatha. Isanu ndi itatu inali mbalame za ku Hawaii, ndipo inayi mwa imeneyo inali ya pa Kauaʻi pano: ʻakialoa, nukupuʻu, kāmaʻo ndi ʻōʻō. Mawu a ʻōʻō womaliza anamveka mu 1987, ndipo anajambulidwa. Ndinawamvetsera kamodzi, sindidzabwerezanso. Mbalamezi zinkaimba molandizana, yaimuna ndi yaikazi. Yaimunayo imaimba, n'kukhala chete kudikira kuti mkazi alandire, kuli zii, n'kuyambanso. Aliyense amene anagonapo pa siwa akudziwa kulira kotero.

N'chifukwa chake ndasankha kulemba za ʻanianiau osati za ʻakikiki. ʻAnianiau akadalipo. Munthu wamba ngati ine, wopanda makina oonera patali okwera mtengo, akhoza kukwera ku Pihea kapena kuyenda pa matabwa a m'dambo la Alakaʻi n'kukaona ndi maso ake. Ndipo mpamene pali ngozi. Ku ntchito yanga yakale, mwana amene ankandidetsa nkhawa kwambiri sanali wokomoka uja, poti ameneyo aliyense amamuthamangira. Anali uja wotentha thupi pang'ono koma akuyendabe, amene amayi ake amati tione kaye mawa. ʻAkikiki nayenso panthawi ina anali woti tione kaye mawa. Amene akhala akuyenda m'nkhalangomo zaka zambiri amandiuza kuti kale ʻanianiau anali paliponse ku Kōkeʻe, moti munthu sankatembenuka n'komwe akamva kulira kwake. Ineyo pa zaka zochepa zimene ndakhala ndikukwerako, ulendo uliwonse ndimayenda mtunda wotalikirapo ndisanamuone, ndipo masiku ena ndimabwerera osamuona. Nkhuku zolowerera ndi mbalame zobwera ndizo zimandilonjera pamalo oimika magalimoto.

Ndisakhale wosayamika. Mwachita zinthu zazikulu, ndipo ndiyenera kuzitchula. Mu Juni 2023, mayi Deb Haaland, amene panthawiyo anali nduna yoona za malo a boma la America, analengeza ku Honolulu ndalama pafupifupi madola 16 miliyoni zopulumutsira mbalame za m'nkhalango za Hawaii. Inu a Bwanamkubwa munatcha chaka cha 2024 kuti Makahiki o Nā Manu Nahele, chaka cha mbalame za m'nkhalango, ndipo ana asukulu anaphunzira maina amene makolo awo anali atayamba kuiwala. Koposa zonse, mgwirizano wa mabungwe wa Birds, Not Mosquitoes unayamba ntchito imene ine ndimaiona ngati nzeru zakuya kwambiri zimene ndaonapo pa nkhondo yolimbana ndi udzudzu.

Ndiifotokoze mwachidule kwa abale anga. M'matupi mwa tizilombo tambiri touluka mumakhala bakiteriya wotchedwa Wolbachia. Si wopangidwa ndi anthu, alimo mwachilengedwe, ngakhale mu udzudzu wa kuno. Koma ali ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo udzudzu waumuna ukakumana ndi waukazi wokhala ndi mtundu wosagwirizana nawo, mazira amaikiridwa koma saswa. Amasukusa. Tsono akatswiri amaweta udzudzu wambirimbiri wokhala ndi mtundu winawo, kupatula waumuna wokhawokha, poti waumuna suluma, n'kukaumwaza m'nkhalango pa helikopita uli m'timakapu timene timaola tokha. Waukazi wa m'tchire ukakwatiwa ndi mlendoyo, mbewu yake yathera pomwepo. Palibe poizoni wothira m'mitsinje, njuchi sizifa, agulugufe safa. Ntchitoyi inayamba ku Maui mu Novembala 2023, ndipo ku Kauaʻi inayamba mwamphamvu mu 2025, udzudzu mazanamazana a zikwi sabata iliyonse. Ayambanso kuyesa madironi kuti azifika kumene helikopita imalephera chifukwa cha nkhungu. Pambali pa izi akuthira Bti m'zithaphwi, mankhwala ochokera ku bakiteriya wa m'dothi amene amapha mphutsi za udzudzu. Ameneyu ndiye ndimamudziwa bwino, chifukwa m'midzi yozungulira Majete kwathu ku Chikwawa anthu anasenzapo mapampu kumsana kuthira Bti yemweyu m'madambo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse. Njira imeneyi si katemera wobaya kamodzi n'kuiwala. Ili ngati LA. Ndinkauza amayi tsiku ndi tsiku kuti, mayi, mankhwalawa ndi a masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo ngakhale mwana adzuke mawa n'kuyamba kupempha phala, mumalizitse. Ambiri ankamva. Ena mwana akangotsitsimuka ankasunga mapiritsi otsalawo kudenga kuti adzathandize tsiku lina, ndipo pakatha sabata ziwiri ndinkawaona akubwera mwana ali kumsana, malungo atabwerera ndi ukali woposa poyamba. Udzudzu wa Wolbachia ndi chimodzimodzi. Waumunawo umakhala masiku ochepa n'kufa. Mukaleka kumwaza, wa m'zigwa umakweranso ndi mphepo, ndipo pakangopita miyezi yowerengeka zonse zabwerera pakale, ndalama zonse zija zapita m'madzi. Ntchitoyi ifuna sabata ndi sabata, chaka ndi chaka, osadumphitsa.

Koma ndalama zake zikubwera ngati mvula ya kuchigwa, chaka chino yagwa, chaka chamawa kaya. Zambiri zinachokera ku thumba lapadera la boma la America limene lili ndi polekezera. Ndipo mu 2025 tinamva kuti ndondomeko ya zachuma yochokera ku White House ikufuna kuthetsa nthambi ya U.S. Geological Survey yofufuza za chilengedwe, nthambi yomwe ija imene akatswiri ake anawerenga mbalamezi, kuyeza magazi awo, ndi kutichenjeza. Ife Amalawi tikudziwa kupweteka kwa thandizo lodukira panjira. Chaka chomwecho USAID inatsekedwa, ndipo achibale anga amene ali m'ntchito zaumoyo anagona osadziwa ngati maneti ndi zoyezera malungo zibwerenso. Sindikufuna kusakaniza milandu iwiriyi, moyo wa mwana ndi moyo wa mbalame sindikuziika pa sikelo imodzi. Ndikungonena kuti udzudzu sudziwa kuti chaka cha boma cha zachuma chatha. Suyembekeza kuti aphungu agwirizane. Umangoswana.

Choncho pempho langa loyamba, ndipo ndilo lalikulu, likupita kwa inu a Bwanamkubwa. Mu Meyi 2025 munasainira lamulo lokweza msonkho wa malo ogona alendo kuchoka pa 10.25 kufika pa 11 peresenti kuyambira pa 1 Januwale 2026, kuti ndalama zake, zimene akuti zizikwana pafupifupi madola 100 miliyoni pachaka, zizithandiza kuteteza chilengedwe ndi kulimbana ndi mavuto a kusintha kwa nyengo. Munachita bwino. Ndikudziwa kuti manja otambasukira ndalama imeneyo ndi ambiri, ndipo ena ali ndi zifukwa zomveka: magombe akukokoloka, ndipo moto wa ku Lahaina wa mu Ogasiti 2023 palibe amene wauiwala. Koma patulanipo gawo lokhazikika, lolembedwa, la zaka khumi kapena kuposerapo, loti helikopita ndi madironi aziuluka ku Alakaʻi sabata iliyonse ngakhale ku Washington kutazizira. Gombe likakokoloka mukhoza kuthirapo mchenga wina. Madzi a ʻanianiau akatayika saoleka. Inu ndinu dokotala, munagwirapo ntchito kuchipatala cha kumudzi ku Kaʻū. Simunalemberepo wodwala theka la mankhwala n'kumuuza kuti otsalawo tidzaona bajeti ikadutsa.

Kwa inu aphungu a ku Washington, a Schatz makamaka poti muli m'komiti yogawa ndalama za boma: tetezani ofufuza. Popanda wowerenga mbalame ndi wotchera udzudzu kuti auyeze, tidzakhala ngati chipatala chopereka mankhwala chopanda labu, osadziwa ngati wodwala akuchira. Ndipo ine monga munthu wamba ndikupempha kuti zotsatira zizituluka poyera, m'mawu osavuta: udzudzu watsika bwanji ku Alakaʻi, malungo m'magazi a mbalame ali pati, ʻanianiau awerengedwa angati chaka chino. Zikakhala zabwino tisangalale nanu. Zikakhala zoipa tiuzeni ndithu, kuti njira isinthidwe nthawi ikadalipo.

Pali ngongole imene anthufe tili nayo kwa mbalame, ndipo ambiri sitiidziwa. Ine ndinaimva ku maphunziro a zaumoyo, mphunzitsi akungodutsapo, koma inandikhala mumtima. Mu 1898, mumzinda wa Calcutta ku India, Ronald Ross anatsimikiza ulendo wonse wa kachilombo ka malungo, kuchoka m'magazi, kulowa m'mimba mwa udzudzu, kufika m'malovu ake, n'kubwereranso m'magazi a wina. Sanazione mwa munthu. Anaziona mwa mbalame, mpheta ndi zinzake, pogwiritsa ntchito udzudzu wa Culex ndi malungo a mbalame omwewa amene lero akupha ʻanianiau. Analandira mphoto ya Nobel mu 1902. Ngakhale mankhwala oyambirira a malungo opangidwa m'mafakitale ankayamba ayesedwa pa timbalame ta m'zikwere asanafike kwa anthu. Neti iliyonse imene ndinagawa m'midzi ya ku Chikwawa, phunziro lililonse lokwirira zithaphwi, zonsezo gwero lake ndi magazi a mpheta. Mu 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Ife tili ndi neti, tili ndi LA, tili ndi katemera. Mbalame singagone m'neti. Singapite kuchipatala. Zonse zimene tinaphunzira kudzera mwa izo, ino ndiyo nthawi yoti tizibwezere.

Udzudzu si mdani yekhayo, ndipo pano ndidutsa mofulumira poti ntchito yake mukuidziwa. Nkhumba zam'tchire zimafukula nthaka ndi kugwetsa mitengo ya hāpuʻu n'kudya mkati mwake, n'kusiya timiphika tosunga madzi momwe udzudzu umaikira mazira. Makoswe amakwera mitengo usiku kudya mazira, anapiye, ngakhale make ali pa chisa. Zomera zobwera monga jinja wam'tchire ndi magwafa ofiira aang'ono zikutsamwitsa nkhalango. Ndiye pali matenda oumitsa mitengo ya ʻōhiʻa mwadzidzidzi, amene anapezeka pa Kauaʻi mu 2018, olowera pa mabala amene ziweto zolowerera ndi zikwanje zimasiya pa mtengo. ʻŌhiʻa ndiye nkhokwe ya ʻanianiau, ndiyenso nyumba yake yomangamo chisa. Mipanda ikonzedwe ikagwa, misampha ya makoswe isasowe woiyendera. A Kauaʻi Forest Bird Recovery Project amagona m'matenti sabata zathunthu pafupi ndi Waiʻaleʻale, amodzi mwa malo a mvula yambiri padziko lonse. Ambiri ndi achinyamata. Apatseni ntchito zokhalitsa kuti luso lawo lisamachoke ndi kutha kwa kontirakiti, chifukwa kupeza chisa cha kambalame ka magalamu 10 m'nkhungu si luso lophunzira mwezi umodzi.

Ndinenepo za anthu amene akukana. Mu 2023 gulu lina linakasuma kukhoti kuti kumwaza udzudzu ku Maui kuimitsidwe, ndipo mu 2024 khoti linagamula kuti ntchito ipitirire. Ine ndikugwirizana ndi chigamulocho. Koma kupambana mlandu si kupambana mitima. Ndakumana ndi anthu abwinobwino pano, ena ndi achibale a agogo amene ndimawasamalira, amene amandifunsa kuti, zoona boma lingamwaze udzudzu kumwamba n'kumati likutithandiza? Sindiwaseka. Pazilumba zino zinthu zambiri zinabweretsedwa ndi anthu odziwa, akuti zithandize, n'kusanduka mliri. Ku Maui ndi ku Oʻahu anabweretsa msulu kuti uzipha makoswe m'minda ya nzimbe, msuluwo n'kutembenukira mazira a mbalame. Amene analumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Kwathunso tinavutika ndi mphekesera, ena ankati maneti amabweretsa nsikidzi, ena ankati amafooketsa abambo m'nyumba, ndipo maneti ena anathera kunyanja kukokera usipa. Chimene chinathandiza si zikwangwani kapena mawu a pa wailesi okha. Kunali kukhala pansi pa mtengo ndi amfumu, kuyankha funso lomwelo kakhumi osapsa mtima, ndi kulola munthu kuti aone yekha. Chitani chimodzimodzi ku Waimea, ku Kekaha, ku Hanapēpē. Bweretsani bokosi la udzudzu waumuna, munthu alowetsemo dzanja aone kuti sulumadi. Alenje a nkhumba musawaone ngati adani a mipanda. Nyama imeneyo ndi ndiwo za mabanja awo, ndipo nkhalango amaidziwa kuposa ambiri a m'maofesi. Kambiranani nawo za malire a mpanda usanamangidwe, osati utamangidwa kale. Ndipo eni nthaka, Ahawaii enieni, amene makolo awo ankaluka zovala za mafumu ndi nthenga za mbalame za m'nkhalangozi, amene amaziona mbalamezi ngati abale awo, asamangoitanidwa kudzadalitsa mwambo wotsegulira. Akhale nawo pamene zinthu zikugamulidwa.

Wina adzafunsa kuti, tidzamwaza udzudzu mpaka liti? Funsolo ndi loyenera. Yankho langa ndi lakuti tikugula nthawi, ndipo nthawiyo ili ndi ntchito. Pa chilumba chachikulu cha Hawaiʻi, mbalame ya ʻamakihi, m'bale wake wa ʻanianiau, yayamba kupirira malungo m'madera ena a m'munsi, ndipo yachulukananso kumene inali itasowa. Thupi limaphunzira likapatsidwa mibadwo yokwanira, koma mtundu ukatsala mbalame zisanu palibenso chophunzira. Akatswiri nawonso akufunafuna njira zina zokhalitsa. Zonsezi zifuna kuti mbalame zikhale zilipo, zambiri, zikuswana m'nkhalango mwawo. N'chifukwa chake ʻanianiau ayenera kuthamangiridwa lero akadali wochuluka, osati mawa atasanduka wa m'chikwere. Ngati n'koyenera kuphunzira kasungidwe kake m'manja mwa anthu kuti pakhale pothawira, yambani pano pamene kutenga mazira ochepa sikungapweteke mtundu wonse. Za ʻakikiki zija, zothamanga ndi makwerero nyumba itapsa kale, zisabwerezedwe.

Ndikudziwa kuti pa matebulo anu pali nkhani zolemera: nyumba zodula, anthu ogona m'misewu, mabanja a ku Lahaina amene sanabwererebe kwawo. Ine ndemwe ndimagwira ntchito ziwiri kuti ndilipire lendi ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Sindikupempha kuti mulande mwana chakudya n'kupatsa mbalame. Ndalama zoulutsira helikopita ku Alakaʻi chaka chonse n'zochepa poyerekeza ndi zimene alendo amasiya pazilumbazi, ndipo alendowo amabwera kudzaona Hawaii, osati nkhalango yoti zii yodzaza ndi mbalame za ku Japan ndi ku India. Komanso nkhalango imeneyi ndiyo imasunga madzi amene tonse timamwa kumunsi kuno, ndipo timbalame toyamwa maluwati ndito timanyamula mungu wa mitengo yake.

Mmodzi wa agogo amene ndimawasamalira anabadwira kumadzulo kwa chilumbachi, ndipo ali mwana ankakwera ku Kōkeʻe ndi bambo ake. Maso ake saonanso bwino, miyendo inaleka kale kuyenda. Ndikabwera kuchokera kuphiri Loweruka, funso lake limakhala limodzi: wakaona kachikasu kaja? Ndikati eya, amamwetulira n'kuyeserera kulira kwake ndi milomo yopanda mano. Ulendo wapitawu ndinayenda mpaka pamphambano ya Pihea ndi njira ya m'dambo, ndinakhala pa thabwa maola awiri, ndinaona ʻapapane ndi ʻelepaio, koma kachikasuko ayi. Nditafika anandifunsa, ndipo ndinamuuza zoona. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, ubwererekonso.

Ndibwererako mu Febuluwale, pamene timbalameti timayamba kumanga zisa. Ndikupemphani, a Bwanamkubwa, kuti pofika nthawi imeneyo mukhale mutalengeza kuti ndalama za ntchito ya udzudzu ku Alakaʻi zakhazikika kwa zaka zingati. Ndipo ngati mungapeze tsiku limodzi, bwerani tikwere limodzi. Mudzavale nsapato za matope, ndipo tidzazitsuke bwino pakhomo pa nkhalango kuti tisalowetse matenda a ʻōhiʻa. Tidzanyamuke m'bandakucha, chifukwa dzuwa likakwera nkhungu imatseka, ndipo kambalameka kamachepetsa kulira.

Ine wanu mwaulemu,

Mlangizi wakale wa zaumoyo wa ku Chikwawa,
tsopano wokhala ku Līhuʻe, Kauaʻi